Mapilitsi Aja Ndinakupatsa Ndine

Iwe Tadala, ulibe ulemu. Zaka zitatu chimwalirireni, ndiye lero wandipeza kudzera pa TV, m'pulogalamu ya anthu amene anazolowera mankhwala opha ululu mpaka kutsikira nawo kumanda. Ndazimitsa, ndayatsanso, ndipo mpando sukukhalika.

Ukukumbukira m'basi ya ku Woolwich, kunja kuno, titaweruka kosamalira okalamba? Unati, "Sisi, msanawu wandikana. Mapilitsi anakutsalira ku opaleshoni aja, tandigawireko." Ine n'kukukalipira kuti sindine dokotala wako, uku ndikutsegula chikwama. Si mmene timachitira kwathu, kugawana mankhwala ngati mchere? Ndi digiri yanga yonseyi, sindinafunse kuti unayamba liti kumwa. Amayi ako akaimba foni amati unafa ndi matenda a mtima, ine n'kumavomera. Mawa aimbanso, ndipo sindikudziwa kuti ndiwauza chiyani.