Sola ya Theka la Mtengo

Ku Katuli, Celestina ankadziwika ndi zinthu ziwiri, mandasi ndi wailesi. Anathawa nkhondo ku Mozambiki ndi ana ake awiri, mwamuna wake Simioni atakana kunyamuka. Simioniyo anali mlonda pa kachipatala ka kwawo, munthu wamakani ngati bulu. Ankati katemera ali mufiliji, filiji ikuyendera sola ya padenga, ndiye iye athawe asiyire ndani?

Chifikireni, Celestina ankangokhalira khutu pawailesi, kuopa kumva kuti zigawenga zalowa m'mudzi mwawo. Mabatire okha ankamudyera phindu lonse la mandasi. A Yasini, okonza mawailesi pamsika, anamulangiza kuti agule sola ndi batire lagalimoto, aiwale zogulagula.

Celestina anakwera lole mpaka ku Mangochi. M'sitolo ina anaipeza yatsopano, yaing'ono ngati lichero, koma mtengo wake unali woti munthu agulitse mbuzi zonse n'kukongolanso. Anabwerako chimanjamanja.

Tsiku lina masana a Yasini anamukodolera kuseri kwa kanyumba kawo. Kumeneko kunali Dinala, bambo wa nsapato zachisilikali, amene ankadutsa malire ndi katundu woti munthu wanzeru safunsa kochokera.

"Mayi, sola iyi ndi yaikulu kuposa ya ku boma ija," anatero a Yasini, "koma mtengo ndi theka. Chilema chake ndi waya wolumikizayu basi. Mukaisiya mudzalira."

Celestina anagwada, naitembenuza. Polumikiza wayapo panali pokulungidwa ndi kansanza kobiriwira ka maluwa oyera. Kansanzako anang'amba ndi iye mwini kumpendero wa chitenje chake, tsiku limene khoswe anadula waya, Simioni ali padenga akumukuwira kuti afulumire, katemera angawonongeke.

"Mwaitenga kuti, bambo?" anafunsa Celestina.

Dinala anamuyang'ana nthawi yaitali osaphethira. "Mukufuna sola kapena mbiri yake? Eni ake sakuifunanso."

Celestina anaopa kufunsanso. Anaopa maso a munthuyo, komanso anaopa kuti mwina ayankhadi. Mayi amene ankatha kukangana ndi wogulitsa tomato mpaka dzuwa kupendeka, tsikuli sananenerere n'komwe. Anamasula mfundo ya chitenje, napereka zonse, nasenza solayo.

M'mawa mwake a Yasini anabwera ndi zida zawo kuti aikweze padenga. Anapeza ili m'nyumba, yotsamira khoma pafupi ndi mphasa, yofunditsidwa nsalu.

"Nanga mumdima muno igwira bwanji ntchito, mayi? Wailesi ija mumvera chiyani?"

"Pitani bwino, a Yasini," anatero Celestina. "Zimene ndinkafuna kumva ndamva kale."