Mthunzi wa Mkamwini

Mtengo wa mango umene uli kuseri kwa nyumba yanga anabzala ndi amuna anga, chaka chomwe anabwera kudzakhala chikamwini kwathu kuno ku Mavwere. Abale anga anawaseka kwambiri. "Mkamwini n'kubzala mtengo? Tsiku lowathamangitsa adzausenza pamutu?" Iwo ankangouthirira madzi otsukira mbale. Palibe anawathamangitsa. Mtengo unakula, ana anakula, ife tinakalamba.

Mwana wathu wamwamuna amayendetsa mathiraki odutsa pachipata cha ku Zambia. Ndiye anatichotsera udzu padenga n'kutikhomera malata. Tsiku limenelo ndinavina mpaka chitenje kumasuka. Sindinkadziwa kuti pofika Okutobala nyumba ya malata imasanduka uvuni yootchera njerwa. Ndinadzadziwa bwino amuna angawo atafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa n'kupotoka, mawu n'kumatuluka movutika. Dzuwa likangokwera, m'nyumba ankapuma ngati nkhuku yomangidwa panjinga. Ndiye ndinkawakoka pamphasa, pang'onopang'ono, mpaka pansi pa mango. Pamenepo mpweya unkabwerera, maso n'kuyamba kutsatira mbuzi zodutsa.

Nkhuni kuno zinatha. Ndili mtsikana tinkangotola kuseri kwa munda, koma zigafa za fodya ndi njerwa zinadya mitengo yonse. Amayi a masiku ano amalawirira cha kuphiri, n'kubwera dzuwa lili paliwombo ndi kamtolo koti mbuzi ingadumphe. Ine maondo anakana kalekale. Makala amadutsa panjinga kupita ku boma, ife timangowaona kumsana.

Ndinkaona mmene anthu ankauyang'anira mtengo uja. Munthu akukupatsa moni, maso ali m'nthambi. Ndinati mumtima, asadzandione ndikusowa moto, angapeze ponenera.

Chilimwe chimenecho ndinaphunzira kuumira moto. Ndinkakoleza kamodzi, m'mamawa, pa mbaula yadothi, osati pamafuwa pamene mphepo imaba malawi. Zitsononkho ndinazisunga m'thumba ngati chimanga. Makoko a mtedza, ziputu za fodya, ndowe zouma, chilichonse chogwira moto ndinkatola. Nyemba ndinkaziviika dzulo lake, zikangowira ndinkaphula mphika, kuukulunga m'bulangete lakale n'kuuika m'dengu, uzipsa wokha. Madzi osambitsa odwala ndinkawaika padzuwa m'beseni lakuda. Dzuwa lomwe linkatizunzalo, ndinati nalonso ligwireko ntchito.

Mkazi wa mdzukulu wa alongo anga anabwera tsiku lina masana kudzapala moto, n'kupeza phulusa lozizira.

"Agogo, mwayamba kudya zosaphika ngati anyani?"

"Tsegula dengulo uone anyani akudya chiyani."

Anavundukula, nyemba zili fwaa, zofewa. Anaseka mpaka kukhala pansi. "Koma inu ndiye mfiti ya nkhuni! Mtengo wonsewu uli apa, mukuvutikiranji?"

"Umenewo ndi chipatala cha agogo ako aamuna. Usaulozenso chala."

Bambowo anaseka nawo ndi mbali imodzi ya pakamwa. Ndinkaganiza kuti ndapambana. Mitambo inali itayamba kusonkhana cha kumadzulo, ndinkati mvula ikangogwa, malata azizira, chaka chino tadutsa.

Kenaka akulu anga anamwalira, amene ndinayamwa nawo bere limodzi. Nyumba yawo ndi iyo, ukaitana amamva.

Pamaliro mayi aliyense amabwera ndi ufa ndi mtolo wa nkhuni, ndi mwambo wathu. Ufa unabwera. Koma mitolo yake, Mulungu wanga, tizitsotso ndi mapesi. Ine mwini maliro ndinapita ndi thumba langa la zitsononkho, lonse, n'kulikhuthula pamenepo. Linatha madzi a tiyi asanawire. Anthu anali atabwera ochokera ku Mlonyeni, ku Kachebere, ena kutsidya kwa malire, ndipo miphika ikuluikulu inangokhala pamafuwa kudikira.

Ndinaona alongo anga, eni mbumba, akubwera kunyumba kwanga ndi anyamata a nkhwangwa. Ndinawatsatira ndikukwawa ndi ndodo.

"Achimwene, kumeneko mukukatani?"

"Mlongo wanga, anthu agona ndi njala pamaliro a m'bale wako? Mawa azidzati chiyani za mudzi uno?"

"Nanga alamu anuwa ndikawaika kuti? M'nyumbamo muli moto."

"Tingotsitsa nthambi ziwiri zitatu. Mango amaphukira."

Sanayang'ane n'komwe pamphasa pamene panagona munthu amene anaubzala. Sikuti ndi oipa mtima alongo angawo. Dothi ndi lathu, la amayi athu, ndipo chomera padothipo ndi cha mbumba. Mkamwini safunsidwa, ngakhale imvi zitamera m'mudzi momwemo. Ine ndikanakana bwanji? Ndikanati akulu anga aikidwe ndi anthu anjala chifukwa cha mthunzi?

Bambowo anakweza dzanja lawo lamoyo lija. Ndinawerama kuti ndimve. Anati, "Asiyeni, mayi. Paja ananena kalekale kuti sindidzausenza."

Anyamata anawanyamula ndi mphasa yomwe n'kukawaika pakhonde. Nthambi ziwiri zinakhala zinayi, zinayi zinakhala zonse, poti nkhwangwa ikayamba simva kuti basi. Timango tosakhwima tinangoti mbwee pabwalo, ana n'kumatola. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti nkhunizo zinali zaziwisi. Zinkangolira thovu kumapeto, utsi uli tolo, amayi ophika akutukwana misozi ili m'masaya. Mtengo umene ndinauteteza chilimwe chonse pophikira zitsononkho unapsa moipa, anthu n'kumadandaula kuti ndiwo zikununkha utsi.

Mitambo ija inabalalika. Mvula inachedwa chaka chimenecho.

Ndinayesa kuika mapesi padenga, mphepo inawamwaza. Ndinamanga kachisakasa ka matumba pa thunthu lija, koma dzuwa linkaboola ngati palibe kanthu. Ndinatsala ndi chitenje chonyowa, kuwafunditsa pachifuwa, chikauma kuchiviikanso. Madzi a m'beseni lakuda ndinasiya kuwaika padzuwa, m'nyumba momwemo ankafunda okha. Mwana wathu ndinamutumizira mawu, anati ali kutali ndi katundu wa eni ake, abwera akatsitsa. Bambowo anasiya kutsatira mbuzi ndi maso. Ankangoyang'ana malata, milomo ili gwaa, ndipo phala ankalibweza.

Sanafike pa Khirisimasi. Pamaliro awo panalibenso chodula, anthu anaphikira mapesi.

Alongo anga sananame, mango amaphukira. Chaka chino thunthu lija latulutsa timasamba tofiirira kunsonga, mthunzi wake wokwana nkhuku imodzi. Mphasa ija ndinaipinda, ili kuseri kwa chitseko. Ndimakolezabe kamodzi m'mamawa, mphika n'kuukulunga m'bulangete, poti manja anazolowera. Koma tsopano moto umenewu ndikuumira yani?