Tsitsi la Amake Lenox

Mpaka lero sindimvetsa kuti munthu wopemphera ngati Mayi Tecla Mbewe, amene sankafuna n'kumva komwe za zithumwa ndi maula, anaika bwanji moyo wawo wonse pa tsitsi la kumutu. Ena ku Tafara amawatama kuti anali olimba mtima. Zotama ine ndimaziopa, ndingonena zimene zinachitika.

Anabadwira ku Linthipe, m'boma la Dedza, ndipo anabwera ku Salisbury ali mtsikana, kutsatira amuna awo, Bambo Yosiya, amene ankawotcherera zitsulo ku Workington. Poyamba ankachita lendi kukomboni ya Harari, kenako anapeza kanyumba ku Tafara. Mayi Tecla ankaluka nsalu zoyala pamipando n'kumakagulitsa m'makomo a azungu ku Greendale. Chishona ankachimva chonse, koma ankayankha m'Chichewa. Mwana wina akawakuwiza kuti "Mubhurandaya," kutanthauza munthu wa ku Blantyre, ankatembenuka n'kunena kuti, "Ku Blantyre sindinapondeko, iwe. Ukafuna kunditukwana uzinditukwana ndi Dedza."

Anali ndi mwana mmodzi yekha, Lenox. Mu 1976 mnyamatayo anasowa pamodzi ndi anzake a kusukulu, ndipo aliyense anadziwa kuti awolokera ku Mozambique kukalowa nkhondo. Apolisi anabwera, anagubuduza mabedi, anafunsa kumene wapita.

"Mukampeza," anatero Mayi Tecla, "mukamuuze kuti wasiya malaya ake pachingwe."

Chaka chotsatira kunamveka kuti ndege zaphulitsa misasa ya ku Mozambique ndipo anthu afa ambirimbiri. Mphekesera inafika ku Tafara yoti Lenox anali komweko. Alamu awo, a Laston, anabwera kuchokera ku Mufakose n'kunena kuti ndi bwino kukhala maliro, abale amete, mzimu wa mwana ugone. Kwathu maliro amatsekedwa ndi lumo. Abale akameta ndiye kuti avomera kuti munthu wapita, ndipo ngakhale ife a mpingo mwambowo sitinausiye.

"Mtembo mwauona, alamu?" anafunsa Mayi Tecla.

"Nkhondo sibweza mitembo, mlamu."

"Ndiye lumo lanulo mukametere ndevu."

Mutu unali utayamba kale kuwavuta Mayi Tecla. M'khutu la kumanja munkalira ngati chigayo cha patali, ndipo dzanja lamanzere linkachita dzanzi mpaka singano yolukira kugwa. Tsiku lina anagwa pokwerera basi, thupi lonse likunjenjemera, ndipo anatsitsimuka ali m'chipatala chachikulu cha anthu akuda.

Kumeneko anapeza nesi wina, Iris, amene makolo ake anali a ku Chipata. Iye ndiye ankawamasulira zonena dokotala. Anawauza kuti awajambula m'kati mwa mutu, koma poti mitsempha ya magazi siioneka pa chithunzi, ayamba awathira mankhwala m'khosi kuti iyende nawo. Anawagoneka patebulo lozizira, anawamanga mutu ndi lamba, n'kuwabaya jekiseni wamkulu pambali pa kholingo.

"Musagwedezeke, mayi," anatero Iris.

"Ndigwedezeka bwanji mwandimanga ngati mbuzi ya pamsika?"

Mankhwala atalowa, kuseri kwa diso kunatentha ngati athiramo tsabola, makina akuchita phokoso pansi pa mutu. Mayi Tecla anangoluma mano.

M'mawa mwake dokotala, mzungu wamtali wolankhula motsitsa, anabwera ndi ophunzira ake n'kuika chithunzi chakuda pa galasi lowala. Mayi Tecla anadzuka kuti aone nawo. Mitsempha inkaoneka ngati nthambi za mtengo wopanda masamba, iliyonse ikupita kwake. Koma mbali ya kumanja inali itapiringizana pamodzi ngati ulusi umene mphaka waseweretsa.

"Woluka pamenepa ankawodzera," anatero.

Iris anaseka, ndipo atamasulira dokotala anasekanso. Kenako anafotokoza kuti anabadwa nayo choncho, kuti magazi amathamanga molakwika pamfundopo, ndipo tsiku lina mtsempha ukhoza kuphulika. Anati angathe kutsegula chigaza n'kumanga mitsemphayo, ngakhale kuti ntchito yake inali yoopsa. Anapemphanso kuti adzajambule kachiwiri pambuyo pake, ophunzira aonerepo, chifukwa matenda otere sankapezeka kawirikawiri.

"Ajambule, aphunzire," anatero Mayi Tecla. "Mutu ndi wanga, koma si wobisa."

"Chabwino, mayi. Tsiku la opaleshoni m'mawa tidzakumetani."

"Kumeta ndani?"

Iris anafotokoza kuti tsitsi limasunga litsiro, silingakhale pafupi ndi bala. Dokotala anati akhoza kumeta mbali imodzi yokha.

"Muuze kuti pamaliro a m'tauni masiku ano amangodula pang'ono pachipumi," anatero Mayi Tecla. "Kumeta ndi komweko."

"Si maliro, mayi. Ndi mankhwala."

"Lumo limadziwa kusiyanitsa?"

Masiku anapita akukana. Koma mutu sunawaleke, ndipo anagwanso ali ku bafa. Iris ankabwera kudzakhala m'mphepete mwa bedi, osakakamiza, kumangocheza za kumudzi kumene iye sanafikeko. Tsiku lina anati, "Lenox akabwera adzapeza ndani?" Funso limeneli linawalowa. Analingalira kuti Mulungu amaona mumtima, adziwa kuti si maliro, ndipo anthu sadzaona kanthu chifukwa adzavala duku mpaka tsitsi limere. Anauza Iris kuti avomera, koma asauze munthu. Opaleshoni anaiika sabata yotsatira.

Lamulungu masana, nthawi yoona odwala, analowa amayi a kumpingo atavala yunifolomu. Patsogolo panali Mayi Isaura, oyandikana nawo nyumba. Sanapereke moni wa masiku onse. Anagwada pambali pa bedi n'kuwagwira dzanja.

"Pepani, amake Lenox. Tamva."

"Mwamva chiyani?"

Mayi Isaura anatembenuka kuyang'ana kukhomo. Bambo Yosiya anali ataima pamenepo, chipewa chili kumutu, ngakhale kuti sankalowa nacho m'nyumba ya munthu.

"Vulani chipewa, bambo ake Lenox," anatero Mayi Tecla.

Anavula. Mutu unali mpala, ukunyezimira.

"Wamwalira ndani?"

"Palibe, aNambewe. Palibe amene wamwalira." Anatero Bambo Yosiya. "Ndinamva kuti mukukana lumo. Ndinati ndiyambe ine, muone kuti ndi tsitsi chabe, limamera. Ndinameta dzulo kwa ometa a pansi pa mtengo aja."

"N'kuyenda nawo mutu umenewu m'Tafara monse?"

"Sindinaganize. Pofika kunyumba anthu anali akunditsatira. Achishona akuti nematambudziko, athu akuti pepani. Wina anathamangira ku Mufakose kukaitana achimwene."

"Inu osawauza?"

"Ndinayesa. Achimwene anati zachitika bwino, zinachedwa."

"M'nyumba mwanga mwayimbidwa nyimbo?"

Bambo Yosiya anayang'ana chipewa chawo.

"Ndikufunsa. Mwayimbidwa nyimbo za maliro?"

"Pang'ono chabe."

Amayi aja anayamba kusuntha, wina akukonza duku, wina akuyang'ana pawindo. Mayi Tecla sanakuwe. Amuna awowo ankawadziwa, munthu wosatha kubweza mlendo pakhomo, ndipo anaona kuti anachita zimenezi powakonda. Koma chikondicho sichinasinthe zimene zinachitika. Tafara yense anali atamuika Lenox m'manda, bambo ake ali patsogolo.

"Mwana wanga watsala ndi mutu umodzi womudikira," anatero. "Ndi uno. Isaura, dzuka, mawondo angakupweteke pachabe. Kuno kulibe namfedwa."

Lolemba anauza Iris kuti za opaleshoni zatha. Dokotala anabweranso ndi chithunzi chija, analoza pamfundo paja ndi cholembera, n'kunena kuti kugwa kawiri ndi chenjezo, kachitatu mwina sadzadzuka.

"Ndamva," anatero Mayi Tecla. "Muthokoze, wandionetsa chimene chimalira m'mutu mwanga. Chithunzicho asunge, ana ake aphunzirepo."

"Mayi, mufa," anatero Iris, misozi ili m'maso. "Duku lija bwanji? Munavomera."

"Duku linali lobisa kwa anthu. Tsopano anthu ayimba kale. Ndikameta lero ndiye kuti ndayankha ameni."

Anapempha chipeso. Anapesa tsitsi lawo mofatsa, la imvi zapatalipatali, mpaka linaima. Anavala diresi limene anabwera nalo, duku analipinda n'kulisiya papilo, ndipo anatuluka pageti dzuwa lili pamutu, dzanja lamanzere atalipanira pachifuwa.

Ku Tafara sanafike. Mayi wina wogulitsa tomato anati anawaona ku Musika wa ku Harari, mutu uli pamtunda, akufunsa mabasi a ku Umtali, kumalire a Mozambique. Kondakitala wina anati ayi, anakwera ya ku Mtoko, njira yolowera kwawo ku Dedza. Bambo Yosiya anayenda m'zipatala ndi kupolisi, anafunsa aliyense wobwera kuchokera ku Dedza, koma sanapeze munthu amene anawaona akutsika basi.