A Kontrolo a ku Chibavi

Ine, ndi imvi zangazi, ndinkakhulupirira kuti kontrolo ndi udindo. Musandiseke msanga. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5 kwathu ku Chiradzulu, ndipo Chizungu chonse chomwe ndili nacho ndinachitola m'holoselo ina muno mu Mzuzu, momwe ndinasenza matumba a mchere mpaka msana unapindika. M'menemo munali munthu wotchedwa sitoko kontrola. Iyeyo sankasenza kanthu. Ankakhala pampando, cholembera pakhutu, n'kumatiloza ndi chala. Ndiye mawu amenewo atandipeza paukalamba, ndinati Mulungu wandikumbukira.

Amene anabwera nawo ndi ana a sukulu ya unamwino, ovala zoyera, akudumpha matope a ku Chibavi ngati mphaka pa mame. Anati akuchita kafukufuku wa kuthamanga kwa magazi, kumene tonse timangoti bipi. Mayi akunyumba kwanga anali nayo bipi kuyambira kale, choncho anatiitanira kuholo ya tchalitchi pamodzi ndi ena. Mtsikana amene ankatsogolera anafotokoza m'Chitumbuka chothira Chizungu. Ine Chitumbuka changa n'chapamsika, chonenerera usipa, ndiye ndinkangogwedeza mutu n'kumati yewo chomene. Anabwerezanso m'Chichewa, sindingamunamizire mwana wa eni, koma nthawi imeneyo n'kuti ndikuseka nsapato za mnzanga.

Chomwe ndinamva n'choti magulu ndi awiri, ndipo wosankha si munthu koma maere. Wodwala aliyense atole envulopu. Mayi anatola yawo, mtsikana uja n'kutsegula.

"Amama, imwe muli mu kontrolo."

Ndinatsokomola mwaulemu n'kuyang'ana uku ndi uku kuti anthu andione.

Mnzanga wa nsapato uja ndi neba wathu, mphunzitsi wopuma wa ku Nkhata Bay, amene ana ake onse anafika ku yunivesite ndipo salola munthu aiwale. Akazi akenso ndi a bipi, koma iwo anagwera gulu linalo, loti namwino aziwayendera pakhomo. Potuluka ndinamufunsa kuti, nanga aphunzitsi, ndi masatifiketi onse aja mwagwera gulu loyang'aniridwa? Oyang'anira ndife. Anaseka mpaka kugwira mpanda. Anayesa kundiuza kuti mawuwo satanthauza zimenezo, ine ndinati nsanje imapha. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse moni wake unali woti, mwawuka uli, a Kontrolo. Ana anatola dzinalo, ogulitsa makala anatola, ndipo ine ndinkayankha.

Mwezi ndi mwezi namwino ankabwera kwa aphunzitsi ndi kachikwama. Ankawayeza amayi aja, kuwerenga mapilisi otsala, kukangana nawo za mchere wa m'ndiwo, ndipo mankhwala akasowa kukiliniki ankaimba foni uku ndi uku mpaka apezeke. Akamaliza ankadutsa pakhomo pathu. Ine ndinkaimirira kuti ndilandire lipoti. Iye ankangopereka moni. Tsiku lina ndinati, bwanji osawayezako mayi poti makina muli nawo m'manja? Anayankha mwaulemu kuti saloledwa, zingasokoneze kufananiza kwa magulu, mayi azipita kukiliniki monga mwa nthawi zonse. Ndinati zoona, bwana sayezedwa pakhonde.

Monga mwa nthawi zonse. Amene analemba mawu amenewo sanakwerepo sakaramento, njinga zakabaza zathuzi, mvula ya mu Mzuzu ikuwaza tsiku lachitatu osakata. Mayi ankapita miyendo ikalola. Tsiku lina makina alibe mabatire, tsiku lina mapilisi atha, kaguleni ku famase. Tsiku lina ankafika pamzere n'kubwerera chifukwa chovala cha kasitomala chikudikira. Paja iwo anali telala, makina osokera pakhonde, mayunifolomu a ana a theka la Chibavi anadutsa m'manja mwawo.

Tsiku lomwe anagwa ankadula nsalu. Ndinamva sizasi ikugwa pasimenti, kenako iwo. Pakamwa panapotoka, mawu akutuluka ngati munthu wodya mbatata yotentha. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Moyo unatsala, koma dzanja lamanja ndi mwendo zinapita. Ndinaphunzira kusambitsa munthu wamkulu, ndinaphunzira kumanga chitenje pa thupi la wina, ndipo mpaka lero ndimamanga mokhota. Makina osokera tinawafunditsa nsalu.

Kafukufuku atatha anatiitananso kuholo kuja kukamva zotsatira. Ndinapita ndekha. Mtsikana yemwe uja, tsopano atanenepako, anapachika pepala lalikulu lokhala ndi zipilala ziwiri, china chachifupi, china chachitali. Chachifupi chinali cha oyenderedwa: bipi inatsika, ogwa sitiroko anali ochepa. Chachitali chinali chathu. Anati kusiyanako n'kwakukulu moti sikungakhale kongochitika mwamwayi, n'kutchula mawu ena aatali a Chizungu amene anakondweretsa aphunzitsi ake a ku sukulu ya unamwino. Anthu anawomba m'manja. Kenako anati athokoze mwapadera a gulu la kontrolo, chifukwa popanda iwo sipakanakhala poyerekezera.

Apo ndiye ndinamva. Kwathu alangizi akalima munda wachitsanzo m'mbali mwa msewu, amasiya mizere ingapo osathira feteleza, kuti odutsa aone chimanga chachikasu chofupika n'kuvomereza kuti feteleza amagwira ntchito. Zaka zonse ndinkadutsa pa mizere imeneyo n'kumaiseka.

Ndinaimika dzanja. Ena anayamba kale kumwetulira, poti amandidziwa kuti ndikaimirira pamakhala nthabwala.

"Mwana wanga, mayi akanatola envulopu inayo, bwenzi lero akusoka?"

Mtsikanayo anaika cholozera pansi.

"Adada, sindingadziwe. Manambalawa amanena za gulu. Za munthu mmodzi sanena."

Anawonjeza kuti ngakhale kwa oyenderedwa alipo amene anagwa, kuti poyamba palibe ankadziwa ngati kuyenderako kungathandize n'komwe, n'chifukwa chake anachita maere, ndiponso kuti tsopano akapempha akuluakulu kuti aliyense aziyenderedwa. Ndinafunafuna bodza m'mawu akewo kuti ndimukalipire nalo, sindinalipeze. Ndi chimene chimandiwawa. Wakuba umamutukwana mtima n'kutsika, koma maere ungawatukwane bwanji? Akuluakulu aja mpaka pano akuganizabe, ndipo namwino sanapondenso ku Chibavi, ngakhale kwa aphunzitsi.

Potuluka anatipatsa banzi ndi chakumwa aliyense. Aphunzitsi, neba wanga uja, anandiperekeza njira yonse. Pachipata chawo anati, mufike bwino, abambo. Dzina lija analisiya pomwepo, ndipo kulisiyako kunandipweteka kuposa momwe ankandiitanira. Banzi ndinali nditadya m'njira, osaganiza.

Madzulo ndikuwapukuta mayi m'manja, ndinawafotokozera zonse, za zipilala, za kuwomba m'manja, za mizere yopanda feteleza, ndi momwe anatithokozera pamaso pa anthu. Anamvetsera diso limodzi likugwa misozi, monga limachitira masiku ano ngakhale asakulira. Mawu awo amatenga nthawi, ndiye ndinadikira.

"Ine ndinamva tsiku lomwe lija, bambo. Amene simunamve ndinu. Nanga banzi langa lili kuti? Ntchito ndinagwira ndine."