Khungu Latsopano la Zeka

Zinayambira kumapazi. Munali mu Febuluwale, chimanga chisanakhwime, pamene ndinaona kuti mapazi a mwana wanga Zeka atupa, masaya nawonso. Ine ndinasangalala. Ndinkati wanenepa, mpaka ndinakauza anzanga kumjigo. Ndikakumbukira zimenezo mtima umandiwawa.

Anali ndi chaka ndi miyezi ingapo. Nditatenga mimba ina, apongozi anati mkaka wa munthu woyembekezera umadwalitsa mwana, ndiye ndinamusiyitsa bere mwadzidzidzi, n'kumangomupatsa phala la chinangwa. Tsitsi linafiira, linayamba kuthothoka. Khungu linada n'kumasendeka ngati la mbatata yophika. Anasiya kuseka. Anasiyanso kundigwira khutu, pomwe chibadwire sankagona osagwira khutu langa.

Tinachoka ku Majaua pa njinga, kenako pa shapa, minibasi zakwathu zija, mpaka kuchipatala cha ku vila, kuboma. Anamwino anadina phazi ndi chala, kadzenje n'kutsala. "Mayi, awa ndi madzi, si mafuta." Anatigoneka tsiku lomwelo.

Kumeneko kunali mkaka wa m'kapu pang'onopang'ono, sikelo m'mawa uliwonse, ndi kudikira, kudikira basi. Madzi ataphwa anatsala mafupa okhaokha. Kenako kunamera khungu lina, loyererako, losalala, ndi tsitsi lakuda. Apongozi atabwera mu Malichi anaima pakhomo. "Iii, Zeka wathu ndi ameneyu? Sanakusinthireni?" Iwo anaseka, ine ayi. Ndinkamuyang'ana tsiku lonse, mphuno, zala, zikhadabo, nayenso ankangondiyang'ana ngati mlendo. Ndinkaopa kuti Zeka wanga ndinamutaya ndekha, pang'onopang'ono, m'khungu losendeka lija limene ndinkakutumula pansalu m'mawa, ndipo uyu ndi wina amene sadzandidziwa.

Ndinafunsa anamwino ngati mwanayu analidi yemwe uja. Anati, "Inunso khungu limene munabadwa nalo mulibe. Magazi amasintha, ngakhale mafupa. Thupi limadzimanga ndi zimene tadya ndi kumwa, zakale zimatuluka. Nanga mayi anu anakuiwalani?" Anawonjezanso kuti mimba siiwononga mkaka wa m'mawere.

Ndinamva, koma mtima sunakhale pansi. Ngati zonse zimachoka, chotsala n'chiyani?

Zeka anayamba kudya chiponde, chakudya cha mtedza cha ana onyentchera. Masana ena ndikumudyetsa, tulo tinamugwira. Kadzanja kake ka chiponde chokhachokha kanakwera, kanafufuza kunsi kwa mpango wanga, n'kugwira khutu. Lakumanzere, lomwe lija. Ndinakhala osasuntha mpaka khosi linauma.

Panopa Zeka akuthamanga, ndipo kusikelo sitijomba. Komabe m'mawa uliwonse ndimayamba ndamudina mapazi, iye n'kumaseka poyesa masewera.

Amayi anzanga, mwana akatupa musayambe mwasangalala. Dinani phazi, kadzenje kakatsala nyamukani tsiku lomwelo, ngakhale njinga ikhale yobwereka. Khungu limameranso, ndaona ndi maso anga. Koma kadzanja kaja kakanapita, kulibe chiponde chikanakabweza.