Kampiyau wa ku Chiputo samenya dzinja

Armando, msuweni wanga, mvula yoyamba yagwa lero kuno ku Malowera ndipo ine ndikungozungulira. Ndapita kumunda, ndabwerera, ndakhala pansi, ndadzukanso. Mapeto ake ndatsegula jogu ija, masewera a pa telefoni yako oyendetsa gulu la anthu ogwetsana. Ukukumbuka tsiku lomwe tinaiyamba, titakhala pakhonde la baraka, kasitolo kaja, kudikira kuti bateriya idzaze? Jogu inatifunsa ngati tikufuna akatswiri otchuka akunja kapena dziko lopeka lathulathu. Ine ndinafuna akunjawo. Iwe unandilanda telefoni n'kunena kuti, "Amenewo akudziwa kumene kuli Malowera?" Basi tinapanga athu: chimphona cha ku Chipera chobwera panjinga, ndi kampiyau, katswiri wosagonja wa ku Chiputo amene unamupatsa dzina lako. Unaikanso lamulo lakuti dzinja likafika iyeyo asamenye, chifukwa msewu wakwawo umaduka. Ndinakuseka kuti jogu sidziwa matope. Unandiyankha kuti, "Iyo sidziwa, koma ife timawadziwa."

Kuchokera pomwe tinakuika m'manda joguyo sindinaikhudzenso mpaka lero. Lero yandifunsa ngati Armando amenye sabata ino kapena ndimupumitse ntchito. Chala changa chayendayenda pamenepo mpaka telefoni yazima yokha. Kumuchotsa ndalephera, kumumenyetsa iwe palibe ndalepheranso. Ndiye ndangotsata lamulo lako, ndamuika pambali poti dzinja lafika. Uli ku Chiputo basi, msewu waduka. Koma mvulayi ikadzatha, msuweni, ndidzanamizira chiyani?