Magule a Mfumu ku Aston

Bambo anga anali munthu wa mganda. Ali mnyamata anakavinako pabwalo lalikulu lamasewero mumzinda, tsiku lokumbukira kubadwa kwa mtsogoleri wa dziko, ndipo nkhani imeneyi tinaimva mpaka makutu kuwawa. Nditapeza ntchito yosamalira okalamba ku Birmingham, iwo sanandipemphe jekete kapena foni. Anangoti, "Kumeneko kuli mfumu yeniyeni. Likafika tsiku lake lobadwa, ukandijambulire magule." Apo n'kuti miyendo itayamba kale kuwatupa. Pofika mu Juni sankadzukanso pamphasa, ndipo mng'ono wanga ankandiuza kuti foni ikangolira, bambo ankafunsa ngati ndi magule aja.

Ine sindinkakayika. Ngati kwathu kosauka kuja timatseka masukulu ndi maofesi tsiku lotere, nanji kuno kwa eni ake ufumu? M'basi popita kuntchito ndinkaziona m'maganizo: amayi achizungu atavala nsalu za nkhope ya mfumu, agogo akululuta, fumbi likukwera mpaka pamadenga. Mnzanga wa ku Zambia amene tinkagwira naye ntchito anandiseka. "Holide ya chani, sisi? Tsiku limenelo uli pa late shift, ukulowa masana." Sindinamumvere. Ndinati mumtima, nayenso ndi mlendo ngati ine, angadziwe chiyani.

Tsiku la mfumulo linali Loweruka. Ndinavala chitenje changa chatsopano ndi duku, n'kukwera sitima pa Longbridge kulowera ku Aston, chifukwa kumeneko ndi kumene kunali bwalo lalikulu limene ndinkalidziwa. Dzuwa la Juni kuno limatuluka anthu asanamalize maloto. Kuseri kwa nyumba zanjerwa kunali zovala pazingwe ndi maluwa okhaokha, ndipo kugunda kwa sitima kunkandimvekera ngati ng'oma yakutali. Ndinali ndi chimwemwe ngati mwana.

Ndinapeza zipata zili zotseka. Panali nkhunda, ndi bambo wina akutsuka galimoto. Ndinati mwina ndafulumira, ndiye ndinakhala pakakhoma. Nditatsinzina, msewu wonse unadzaza: mizere ya anyamata ovala zoyera, timipango m'manja, malipenga akulira, ndipo kutsogolo kunali bambo anga, miyendo ili yowonda ndi yopepuka monga kale. Nditatsegula maso, panali nkhunda zomwe zija. Ndinafunsa mkulu wina amene ankayenda ndi galu za magule a mfumu. "Mfumu? Lero?" anatero. "Chabwino, zabwino zonse kwa iyeyo." N'kumapita ndi galu wake.

Ndinapsa mtima, kenako ndinachita manyazi, kenako mantha. Munthu wodwala akudikira magule, ine ndimutumizire nkhunda?

Masana ndili kuntchito, ndinapeza okalamba akuonera wailesi yakanema. Ankaonetsanso zimene zinachitika mmawa kulikulu la dziko: asilikali ovala zofiira, zipewa zaubweya zazitali ngati mitondo, akavalo onyezimira. Mayi wina wokalamba, amene pa utsikana wake ankasoka mipando kufakitale yagalimoto ya pa Longbridge, anaona chitenje changa chikusuzumira m'chikwama n'kundifunsa kumene ndinali. Nditamuuza, anaseka mpaka kutsokomola. Anati tsikuli si holide, aliyense amangokhala pake. "Ndiponso sanabadwe lero, mwanawe. Anabadwa nyengo yozizira ya kuno, kumapeto kwa chaka. Tsiku ili amachita kusankha kuti asilikali agube kuli dzuwa."

Ndinaima ndi kapu ya tiyi m'manja. Bambo anga tsiku lawo lobadwa sankalidziwa. Ankangoti amayi awo anawabereka nthawi yokumba mtedza, basi. Palibe amene anawaimbirapo, ndipo ife ana awo sitinaliganizirepo.

Nthawi yopuma itakwana, ndinaimbira mng'ono wanga pavidiyo n'kulozetsa foni kuwailesi ija. Bambo anayang'ana nthawi yaitali, mutu uli pamtsamiro.

"Ndi mganda umenewu," anatero. "Koma mapewa auma. Wang'oma yekhayo ndiye akudziwa ntchito. Nanga anthu ali kuti kumene uliko?"

Ndinawauza zoona, za zipata ndi nkhunda, ndiponso zoti mfumuyo sinabadwe n'komwe lero, inangosankha tsiku ladzuwa.

"Kani munthu atha kusankha?"

"Mfumu inasankha, bambo."

Ndinkamva nkhuku zakwathu, ndi mwana wina akulira kutali. "Mtedza akumba kale kuno," anatero. "Ndiye nanenso ndi lero. Kodi munthu amatani tsiku lobadwa?"

Mng'ono wanga anathamangira kugolosale kukagula mabanzi. Anawavalika jekete yakutchalitchi ali chigonere. Ine ndinanong'oneza mayi wokalamba uja, iye n'kuyambitsa nyimbo imene amaimba tsiku lobadwa. Chipinda chonse chinalandira, ena akuganiza kuti tikuimbira mfumu, ena osadziwa n'komwe kuti tikuimbira ndani. Mnzanga wa ku Zambia uja analuluta ali pakhomo. M'kafoni kaja ndinaona mapewa a bambo akuyamba kugwedezeka pang'onopang'ono, dzanja likukwera ngati lagwira kampango. Ndinalira osabisa, ndipo palibe anandifunsa chifukwa.

Bambo anatisiya mvula isanagwe. Kumaliro sindinapite.

Juni akafika ndimakwerabe sitima ija, chitenje chili m'chiuno, n'kukakhala pakakhoma kaja ndi banzi m'manja. Odutsa amandiyang'ana, ine osawalabadira. Mfumu ya kuno imabadwa kawiri chaka chilichonse. Bambo anga tinawaimbira kamodzi kokha.